Kutsegula PS3 yanu ndi kutumiza magemu pa WiFi osadya bandulo

Ma PS3 ambiri amene ali mmanyumba ndi mmagemu shopu kuno ku Chipata ndi ogula kwa anthu, ena anabwera pa basi kuchokera ku Lusaka, ena analowera pa Mwami kuchokera ku Lilongwe, ndipo pafupifupi onse amadwala matenda amodzi, laser yowerenga disiki inatopa. Mashini izi ndi zakale anzanga, yoyamba ija yonenepa, yotchedwa Fat, inatuluka mu 2006, Slim mu 2009, Super Slim mu 2012, nde ukaika disiki imangozungulira zungulira kenako zii, olo iwerenge koma pakati pa mpira gemu nkuima anyamata atalipira kale. Nchifukwa chake anthu amaitsegula, ena amati jailbreak, kuti magemu azikhala mu hadi disiki mkati momwemo, disiki yeniyeni nkuisunga mu kabati. Zimene ndilembe pano ndi za magemu anu amene munagula, kuwakopera mkati, kuwasungira pa laputopu, nkuwatumiza ku PS3 ina yanu. Zotenga magemu a eni ake pa intaneti osalipira ndi nkhani ina ndipo lamulo la copyright liliko kuno ku Zambia, izo sindikuphunzitsa.

Musanagwire chilichonse itembenuzeni mashiniyo muwerenge kapepala ka kumbuyo kapena pansi, pali namba yoyamba ndi CECH. Namba imeneyi ndi imene ikuuzeni njira yanu, ndipo anthu ambiri amene anapha mashini zawo anadumpha pomwepa. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi CFW, kumene ndi kusinthiratu firmware yonse ya Sony, pulogalamu yoyendetsa mashiniyo, nkuika ina yokonzedwa ndi anthu, yotchuka masiku ano ndi ya Evilnat. Yachiwiri ndi HEN, imene sisintha zamkati kwenikweni, imangotsegula chitseko nthawi iliyonse mukayatsa mashini. Ma Fat onse amalola CFW, ma Slim a CECH-20 ndi CECH-21 amalolanso, a CECH-25 ambiri amalola koma osati onse, pamene Slim ya CECH-30 ndi ma Super Slim onse a CECH-40, 42 ndi 43 salola olo pang'ono. Amenewa ndi HEN basi. Chifukwa chake chinachokera kale, kumapeto kwa 2010 gulu lotchedwa fail0verflow linaonetsa ku Berlin kuti makiyi a chitetezo cha PS3 anali ndi chibowo, kenako mu Januwale 2011 George Hotz anatulutsa kiyi yake poyera mpaka Sony inamutengera ku khoti, nde mashini zimene zinapangidwa pambuyo pake Sony inazikhoma mwa njira ina kuchokera ku fakitale. Ukakakamiza CFW pa mashini ya mtundu umenewo imafa, ndipo kuidzutsa sintchito ya pa tebulo la kunyumba.

Ine kwa munthu amene akuyamba kumene ndimati yambani ndi HEN olo mashini yanu ikhale yolola CFW. HEN imagwira pa PS3 iliyonse, ndipo ikakanika kulowa palibe chimene chawonongeka, umangozimitsa nkuyambiranso. Kuipa kwake nkwakuti nthawi iliyonse mukayatsa muyenera kudina Enable HEN magemu asanaoneke, komanso magemu a PS2 sayenda mosavuta ngati pa CFW. Kwa amene akufuna FIFA, PES ndi GTA chabe zimenezo sizimupweteka.

Zofunika kusonkhanitsa sizambiri. Fulashi yabwino, olo ya 4GB ikwana, koma ikhale yeniyeni osati zija zolembedwa 64GB pamene mkati mulibe kanthu. Laputopu kapena foni ya Android. Padi yokhala ndi kebulo yake ya USB, makamaka padi yeniyeni ya Sony chifukwa zina zotchipazi sizigwira mu Safe Mode. Rauta, MiFi kapena hotspot ya foni. Ndi magetsi odalirika, ndipo apa ndiye ndikufuna tiime pang'ono.

Pa ntchito yonseyi nthawi yoopsa ndi imodzi yokha, pamene mashini ikulemba firmware. Malaiti akapita pakati pa ntchito imeneyo mashini ikhoza osadzukanso. Tonse tinaona mmene zinalili mu 2024 madzi atatsika ku Kariba, malaiti kubwera pakati pa usiku maola ochepa nkupitanso osatsanzika, ndipo olo masiku amene zinthu zili bwino waya umatha kugwa ndi mphepo ya mvula. Nde musayambe ntchitoyi mitambo itada ku mapiri a Kanjala, musayambe kutatsala pang'ono kuti nthawi ya load shedding ya kwanuko ikwane, yambani malaiti atangobwera kumene ndipo akhazikika. Ngati muli ndi UPS kapena inveta ya sola lumikizani pamenepo PS3 ndi TV yomwe. Dziwani chabe kuti Fat zoyambirira zija zimadya magetsi pafupifupi 200W pamene Slim sipitirira kwenikweni 100W, nde ka inveta kakang'ono kotchajira mafoni sikangainyamule Fat. Onaninso ma yuniti mu mita, zoona ndithu, anthu amaiwala.

Manje tiyambe. Yatsani mashini, pitani ku Settings, System Settings, System Information, muone namba ya firmware imene ilimo. Sony ikadatulutsabe ma update a PS3, 4.90 inabwera mu 2023, 4.91 mu 2024, 4.92 mu Malichi 2025, ndipo nthawi iliyonse ikatuluka yatsopano anyamata a PS3Xploit amatenga kanthawi kuti akonze HEN yake. Nde mashini ikakufunsani zopanga update pa intaneti kanani kaye mpaka mutatsimikiza kuti HEN ya namba imeneyo inatuluka, chifukwa pa mashini ya HEN kubwerera ku firmware yotsika sikutheka. Chimene mukufuna ndi fayilo yotchedwa HFW, iyi ndi firmware ya Sony yomweyo koma anabwezeramo browser yakale imene ili ndi chibowo cholowera. Tengani HFW ya namba yofanana ndi imene ili mu mashini kapena yokwererapo, kuchokera pa tsamba la PS3Xploit kapena PSX-Place, osati pa link zongotumizirana pa WhatsApp. Kukula kwake ndi pafupifupi 200MB, bandulo yausiku ya MTN, Airtel olo Zamtel ikwana. Pa tsambalo amalembapo namba yaitali ya MD5, yerekezani ndi ya fayilo yanu pogwiritsa ntchito ka pulogalamu koonera MD5, zikasiyana olo chilembo chimodzi ndiye kuti fayilo inaduka mnjira, itayeni mutengenso.

Fulashi ija ifomateni ku FAT32, PS3 siiona NTFS pa nkhani ya update. Mkati pangani foda dzina lake PS3, mkati mwa imeneyo ina dzina lake UPDATE, ndipo fayilo ija muitche PS3UPDAT.PUP nkuiika mmenemo. Zilembo zonse zikhale zazikulu. Anthu ambiri amakakamira apa mashini ikunena kuti palibe update, kumapezeka kuti Windows inabisa mathero a dzina nde fayilo inakhala PS3UPDAT.PUP.PUP, kapena analemba UPDATES ndi S kumapeto. Tulutsani disiki iliyonse imene ili mu mashini chifukwa ma disiki a magemu amakhala ndi update yawoyawo mkati ndipo mashini imatha kutenga imeneyo. Ikani fulashi pa doko la USB la kumanja, pitani ku System Update, sankhani Update via Storage Media, vomerani, kenako chotsani manja. Osagwira padi, osasuntha waya, ana muwauze asayandikire ekisitenshoni. Izima yokha nkuyakanso. Ikatha bwerezaninso kachiwiri fayilo yomweyo, ambiri amene amachita ntchitoyi amatero kuti HFW ikhazikike bwino bwino, ndipo ikakana kubwereza kuchokera pa menyu lowani mu Safe Mode, kumene ndi kugwira batani la power mpaka mashini izime, kenako kuligwiranso mpaka mumve kulira kuwiri kotsatizana, nkusankha System Update mmenemo padi ili pa kebulo.

Kenako mashini ilowe pa intaneti, ndipo apa ndi pamene WiFi ya PS3 imayamba kuonetsa ukalamba wake. Imadziwa 2.4GHz yokha, mtundu wakale uja wa 802.11 b ndi g, 5GHz siiona nkomwe, ndipo pasiwedi ya WPA3 siimva. Mafoni atsopanowa hotspot yake nthawi zina imakhala pa 5GHz kapena WPA3 kuchokera ku fakitale, nde mukapanga Scan pa PS3 osaona dzina la foni yanu musaganize kuti mashini yafa, lowani mu ma setting a hotspot musinthe band ikhale 2.4GHz ndipo security ikhale WPA2. Pa iPhone yatsani Maximize Compatibility. Pa PS3 ndi Network Settings, Internet Connection Settings, Custom, Wireless, Scan, sankhani netiweki yanu, lembani pasiwedi.

Tsegulani browser ya PS3, dinani Triangle, pitani ku Tools, fufutani cookies, cache, search history ndi authentication information zonse, home page muiike ikhale blank, kenako tsekani browser nkuitsegulanso. Izi zimathandiza chifukwa memory ya browser imeneyi ndi yochepa kwambiri ndipo exploit, njira yolowera pa chibowo chija, imafuna kuipeza ili yoyera. Lowani pa tsamba la PS3Xploit, sankhani installer ya HEN, tsatirani zimene ikunena pa sikirini. Ikakanika, ndipo imakanika kawirikawiri ulendo woyamba, tsekani browser muyesenso, mashini ikauma gwirani power mpaka izime nkuyatsanso, apa palibe choopsa. Ikatheka mashini iyambiranso, pansi pa Game mupeza chizindikiro cha Enable HEN, dinani, idzamalizitsa kutenga mafayilo ake otsala, muyambitsenso mashini, mudinenso Enable HEN, ndipo muona uthenga pakona wokulandirani komanso foda yatsopano ya Package Manager.

Kwa amene mashini yawo ndi yolola ndipo asankha CFW, njira yake imadutsa pa browser yomweyo koma ndi chida china, PS3 Toolset ya bguerville. Chimakuonetsani pompo ngati mashini ili CFW compatible, chikaonetsa chofiira siyani pomwepo musakambirane nacho. Chikavomera, choyamba sungani flash backup, kope la memory ya mkati mwa mashini, pa fulashi ndipo fayilo imeneyo muikopere malo awiri atatu, ndiyo ingadzapulumutse mashini zinthu zikavuta, kenako patch, kuyambitsanso mashini, nkuika firmware ya Evilnat kudzera pa fulashi monga tinachitira ndi HFW. Nthawi ya patch ija ndiyo yoopsa kuposa zonse pa nkhani ya malaiti.

Manje mashini yatseguka koma ilibe zida. Mufunika ziwiri, webMAN MOD ndi multiMAN, ena amakonda IRISMAN mmalo mwa multiMAN, zonse zimabwera ngati mafayilo a PKG. Aikeni pa fulashi panja penipeni osati mu foda, pa PS3 pitani ku Package Manager, Install Package Files, Standard, ikani imodzi imodzi. webMAN ikalowa imaoneka ngati gemu, itseguleni mutagwira L1 kuti ilowe yathunthu, mashini iyambiranso. Ubwino wa webMAN ndi wakuti imagwira ntchito chamseri nthawi zonse HEN ikayaka, ndipo FTP yake, njira yotumizira mafayilo pa netiweki, imakhala yotseguka kale osafuna kutsegula pulogalamu ina. multiMAN ntchito yake yaikulu ndi kukopa ma disiki, ikani disiki yanu, tsegulani multiMAN, gemu ioneka, dinani Triangle, sankhani Copy kupita ku hadi disiki ya mkati. Ngati laser ya mashini yanu inatheratu, kopani pa mashini ina imene ikuwerengabe, nkutumiza kudzera pa laputopu, ndiyo ntchito ya gawo likubwerali.

Anthu ambiri akamva kuti kutumiza pa WiFi amaopa kuti bandulo itha, gemu ya 15GB ndalama zingati. Ayi abale, sizidya olo 1MB. Mafayilo amachoka pa laputopu kupita ku rauta, kuchoka pa rauta kupita ku PS3, mnyumba momwemo, safika ku nsanja ya netiweki. MiFi olo ilibe bandulo, olo rauta yakale ilibe SIM, ntchito imagwirika bola zonse ziwiri zalumikizidwa pa WiFi imodzi. Mukafuna kutsimikiza zimitsani data pa foni muone, ziyendabe.

Choyamba pezani adiresi ya PS3. Ili mu System Information momwe munaona firmware muja, kapena ku Network Settings pa Settings and Connection Status List. Imaoneka ngati 192.168.8.101 pa ma MiFi ambiri a Huawei, kapena 192.168.1 ndi namba ina kumapeto pa ma rauta ena. Lembani papepala. Kuti muyese ngati zikuonana, tsegulani browser pa laputopu kapena foni mulembe namba imeneyo pamwamba, pakatuluka tsamba la webMAN ndiye kuti njira ilipo. Pakapanda kutuluka onani zinthu zitatu, kodi munadina Enable HEN, kodi laputopu ili pa WiFi yomweyo, ndipo kodi rauta ilibe setting yotchedwa AP isolation yoyaka, chifukwa imeneyo imaletsa zipangizo za pa WiFi imodzi kulankhulana, ndipo netiweki ya guest nthawi zambiri imakhala choncho. VPN ikakhala yoyaka pa laputopu izimitseninso. Adiresi ija imatha kusintha mukazimitsa rauta, nde amene azichita izi kawirikawiri ndi bwino kuiika pa Manual mu ma setting a PS3, kusankha namba yakumtunda ngati 192.168.8.150 imene palibe chipangizo china chingaitenge, subnet mask 255.255.255.0, default router ndi DNS nkulemba adiresi ya rauta.

Pa laputopu ikani FileZilla, ndi yaulere, tengani Client osati Server. Musathamangire ka Quickconnect kapamwamba kaja, tsegulani Site Manager mupange site yatsopano kuti ma setting asungike. Host ndi adiresi ija, port 21, encryption sankhani plain FTP, logon type ikhale Anonymous. Pa Transfer Settings chongani zochepetsa ma connection muike 1, ndipo pa menyu ya Transfer, transfer type ikhale Binary osati Auto. Ziwiri zomalizazi musazidumphe. Ma connection akachuluka PS3 imasokonezeka, mafayilo ena amalephera mwakachetechete, ndipo Auto imatha kuona mafayilo ena ngati zolemba nkuwasintha pang'ono mkati, gemu nkumakana kuyaka inu osadziwa chifukwa. Mu Settings kwezaninso timeout kuchoka pa masekondi 20 aja, ikani 0 kuti isamadule yokha.

Mukadina Connect kumanzere ndi laputopu yanu, kumanja ndi mkati mwa PS3. Muona mafoda angapo, inu wanu ndi dev_hdd0 basi, ndiyo hadi disiki. dev_usb000 ndi fulashi imene mwabaya. Chilichonse cholembedwa dev_flash kapena dev_blind musachitsegule, musafufutemo kanthu, mmenemo ndi mmene mumakhala firmware. Mu dev_hdd0 magemu a ISO, disiki yonse mu fayilo imodzi, amapita mu foda ya PS3ISO, magemu a mtundu wa foda, aja okhala ndi PS3_GAME mkati, amapita mu GAMES ya zilembo zazikulu, ma PKG mu packages, magemu a PS1 mu PSXISO. Foda ikakhala kulibe ipangeni nokha ndi zilembo zomwezo. Palinso foda ina yotchedwa game ya zilembo zazing'ono, imeneyo ndi ya mashini yokha yosungiramo ma update ndi data ya magemu, musaisokoneze ndi GAMES. Kutumiza ndi kungokoka fayilo kuchokera kumanzere kuiponya kumanja, ndipo kusunga gemu imene munakopa ndi multiMAN ndi kukoka kuchokera kumanja kupita kumanzere.

Apa pafunika kuleza mtima. Papepala WiFi ya PS3 ndi 54Mbps koma zenizeni zimene muziona pa FileZilla ndi pakati pa 1 ndi 2MB pa sekondi, zili ngati kudzaza dramu ndi kapu. Werengani nokha, pa 2MB pa sekondi gemu ya 10GB itenga ola limodzi ndi mphindi zoposa 20, ikatsika kufika pa 1MB ndi pafupifupi maola atatu. Magemu a mpira ngati PES 2018 ndi FIFA 19, amene ndi omaliza kutuluka pa PS3, ndi opepukirako, koma GTA V ndi yaikulu ndipo ikafika imafunanso 8GB ina ya install, ndipo God of War III imapitirira 30GB chifukwa disiki ya Blu-ray ya magawo awiri imanyamula mpaka 50GB. Yotereyo pa WiFi ndi usiku wonse. Nde funso limabwera, bwanji osangoika pa fulashi. Vuto ndi FAT32, silola fayilo imodzi yopitirira 4GB, ndipo ISO ya PS3 pafupifupi iliyonse imapitirira, pamene hadi disiki ya mkati ilibe malire amenewo, FTP imangoilowetsa yathunthu osaiduladula.

Pali zinthu zimene zimathandiza liwiro ndithu. Sandutsani gemu ikhale ISO musanatumize ngati mungathe, fayilo imodzi yaikulu imayenda bwino kuposa foda yokhala ndi timafayilo masauzande, chifukwa FTP imaima nkuyambanso pa kafayilo kalikonse. Rauta ikhale chipinda chimodzi ndi PS3, makoma a njerwa zootcha ndi malata amadya siginolo kwambiri, ndipo mmakomboni ngati Kapata, Mchini olo Nabvutika kumene nyumba zili pafupi pafupi ma hotspot a aneba amakanganirana 2.4GHz yomweyo, nde usiku anthu atagona zimayenda bwinoko. Chotsani mafoni ena pa WiFi imeneyo, wina akamaonera mavidiyo a TikTok liwiro limagawanika. PS3 isiyeni pa menyu, osasewera gemu ikulandira. Pa Power Save Settings zimitsani System Auto-Off, ndipo laputopu muiuze isagone ndipo ikhale pa chaja, chifukwa ikagona pakati pa usiku mmawa mupeza zinaima pa theka.

Koma kunena zoona, ngati rauta yanu ili ndi doko la LAN gulani kebulo ya netiweki ku Down Shops olo mita ziwiri chabe, mulumikize PS3 ku rauta, laputopu ikhalebe pa WiFi. Doko la PS3 ndi la gigabit, ndipo WiFi ya laputopu ndi yatsopano kuposa ya PS3, nde liwiro limakwera kangapo pompo, makamaka laputopu ikakhala pa 5GHz. Mukalumikiza zonse ziwiri ndi kebulo ndiye zimathamanga koposa, gemu ya maola atatu ija imatha mu mphindi zowerengeka. Kwa amene ali ndi shopu ya mashini zitatu zinayi ndalama ya kebulo imabwerera tsiku lomwelo. WiFi yokha ndi ya amene ali ndi MiFi yopanda doko kapena foni chabe.

Za foni, zimatheka popanda laputopu. Yatsani hotspot pa 2.4GHz, PS3 ilumikizeni pamenepo, ikani AndFTP kapena file manager iliyonse yodziwa FTP, lembani adiresi ya PS3, port 21, anonymous. Foni ikhale pa chaja ndipo pulogalamuyo muichotse pa battery saver chifukwa Android imakonda kupha mapulogalamu sikirini ikazima. Foni imatentha pa ntchito imeneyi, ichotseni mu kava.

Malaiti akapita pakati potumiza musachite mantha, izi sizili ngati firmware ija. Fayilo yokha ndi imene yaduka. Mukayatsa mashini ikhoza kufuna kuyang'ana file system kaye, ilekeni imalize. Kenako Enable HEN, lumikizani FileZilla, ponyaninso fayilo yomweyo, ikakufunsani sankhani Resume kuti ipitirize pamene inalekera. Pamapeto yerekezani kukula kwa fayilo mbali zonse ziwiri, manambala afanane mpaka kumapeto. Ine fayilo imene inadukapo ndi malaiti ndimaiyesa nthawi yomweyo, ikaonetsa kachilendo kalikonse ndimaifufuta nkutumiza yatsopano ndi Overwrite, kusiyana nkuti izikaima mtsogolo munthu ali pakati pa mission.

Ikafika gemu sioneka yokha. Pitani ku foda ya webMAN Games pansi pa Game, mu webMAN Setup dinani Refresh, kapena pa browser ya foni lembani adiresi ija mudine Refresh pa tsamba la webMAN, nthawi zina pamafunika kuyambitsanso mashini kuti mndandanda usinthe. Sankhani gemu, ioneka ngati disiki yalowa, nkuitsegula monga mwa masiku onse. Ikabweretsa 80010017 kapena sikirini yakuda, kawirikawiri ndiye kuti fayilo sinafike yonse kapena ISO yake ikadali yokhoma mmene inalili pa disiki, ikopeninso ndi multiMAN. Ikapanda kuoneka nkomwe onani foda, mwina mwaika ISO mu GAMES, kapena foda ya gemu ili mkati mwa foda inanso.

Malo akayamba kuchepa hadi disiki imasinthika, ndi ija ya laputopu ya SATA ya mainchesi 2.5, ndipo 1TB ndi pamene ndimaimira, zokulirapo zimabweretsa mavuto. Mashini imaifomata yatsopanoyo ndipo mitundu yambiri imafuna firmware pa fulashi nthawi yomweyo, nde khalani nayo pafupi, komanso ma save anu muwatulutse kaye. Super Slim ija ya 12GB ilibe hadi disiki mkati, pali malo chabe, muyenera kugula ndi kachitsulo kake koigwira.

Kutentha musakuiwale, kutumiza usiku wonse ndiye kuti mashini ikuyaka maola ambiri, ndipo kuno Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe mnyumba za malata mumakhala ng'anjo, fumbi lakenso losanena. Ma Fat ndi amene amagwa kwambiri ndi ka laiti kachikasu koonetsa kuti mashini yawonongeka mkati. Pa tsamba la webMAN mumaona kutentha kwa CPU ndi RSX, chip ya zithunzi, yatsani dynamic fan control kuti fani izikwera yokha, ndipo yesetsani kuti manambala asamapitirire 70. Fani ichita phokoso, ilekeni. Mashini isakhale mu kabati yotseka kapena pa kapeti, kumbuyo kukhale mpata, ndipo osaifunditsa kansalu koluka ikuyaka. Ikamafika mma 80 itangoyaka kumene ndiye kuti thermal paste inauma, ipititseni kwa wodziwa akaitsegule aipukute.

Za PSN, netiweki ya PlayStation pa intaneti, Sony ikaona mashini yotsegulidwa imatha kutseka akaunti ndi mashini yomwe, ndipo ngati akaunti imeneyo ndi yomwe mumagwiritsa ntchito pa PS4 kapena PS5 mutaya zonse munagula kumeneko. Pa mashini yotsegula chotsani auto sign-in, ndipo akaunti yanu yeniyeni musailowetsemo. Mu shopu auzeni anyamata kuti uthenga uliwonse wonena za System Update adine Circle, chifukwa mmodzi akangovomera HEN yachoka, magemu akhalamobe mu hadi disiki koma sayaka mpaka HFW ya namba yatsopanoyo itatuluka nkuyambiranso kuchokera pa fulashi.